Chingwe cha Che Twaibu

Uthenga unandipeza Lachiwiri lapitali ndikuthirira mpiru kuseri kwa nyumba: Abiti Rajabu a ku Ntaja atisiya. Ndinatula chitini n'kukhala pa njerwa. Mayi amenewa ndinaonana nawo tsiku limodzi lokha pa moyo wanga, ndiye ndinganame nditanena kuti ndinkalira iwo. Amene anandibwerera mumtima ndi achimwene awo, Che Twaibu, omwe anagona kale ku Nairobi, m'dothi la eni. Ndisananene n'komwe kuti pepani, ndinapezeka ndafunsa mdzukulu wawo amene anandiimbirayo kuti, "Wakuuzani ndani?" Mdzukuluyo anadabwa, anati anali pomwepo agogo ake akutsirizika. Funsolo si langa ayi. Ndinalitola ku Pangani, dera lina la mu Nairobi, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala.

Ndinafika ku Nairobi chapakati pa zaka za m'ma 1990, pa ntchito ya bungwe lina lotumiza chakudya ndi mankhwala kumadera a nkhondo. Amalawi tinalipo ochepa, ambiri Akhristu a mataye, ndipo Loweruka tinkasonkhana kwa uyu kapena kwa uyo, kuwotcha nyama ndi kukangana za matipate. Dzina la Che Twaibu linkatchulidwa mwa apo ndi apo, monga mmene timatchulira wachibale amene mutu unamusokonekera. Ena ankati ndi shehe wothamangitsidwa, ena ankati ndi munthu amene sukulu inamukanika ku Mangalande. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapitako. Ine chinanditengera kumeneko ndi kalata ya Chiarabu imene inatikanika ku ofesi.

Ndinakwera masitepe amdima onunkha labala n'kuima pakhomo. Ku Nairobi amati "Hodi", koma pakamwa panga panatuluka "Odi" wakwathu. M'katimo munangoti zii kanthawi ndithu. Kenako mawu okalamba anayankha kuti, "Odini. Lowani, a kumudzi."

Anali munthu wamtali, woonda, wovala mkanjo wotuwa ndi jekete yaubweya ya ku Ulaya yothetheka m'zigongono. Magalasi awo anali omanga ndi ulusi. M'chipindamo munali bedi, tebulo, sitovu ya palafini, shelefu ya mabuku, ndi makatoni a nsapato osanjikizana mpaka pawindo. Kalata ija anaimasulira ataimirira, ngati akuwerenga mtengo wa sopo, kenako anandifunsa dzina.

"Kachingwe," ndinatero.

Anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonsezi ndakhala ndikusakasaka zingwe, lero kachingwe kabwera kokha ndi miyendo. Khalani apa, a Kachingwe. Tiyi wanga alibe shuga, musadzanene kuti sindinakuchenjezeni."

Ine ndine Mkatolika wa ku Dedza, ndipo za Chisilamu ndinkadziwa zimene aliyense amadziwa, zomwe ndi zochepa. Nthabwala ya dzina langa inanditengera masabata kuti ndiimvetse. Kuwonjezera pa Korani, Asilamu ali ndi hadisi, nkhani za zimene Mtumiki Muhammad ananena ndi kuchita. Hadisi iliyonse imayamba ndi mndandanda wa anthu: uje anandiuza kuti anamva kwa uje, amene anamva kwa uje, mpaka kukafika kwa munthu amene anali pomwepo. M'Chiarabu mndandandawo ndi isinadi, koma Che Twaibu ankangoti chingwe, ndipo munthu aliyense wa pamndandandapo ankamutcha mfundo. Ankati chitsime n'chakuya, madzi ake sungawafikire ndi dzanja, choncho usanamwe uziyamba wayang'ana chingwe chimene chatunga. M'makatoni a nsapato aja munali timakadi, kadi iliyonse nkhani imodzi ndi chingwe chake.

Vuto linali loti khalidweli silinkathera m'mabuku. Ukanena kuti kwacha yagwa, funso linali lomwelo: wakuuzani ndani? Nanga iyeyo anamva kwa ndani? Anali pomwepo? Amamwa? Mama Wanjiru, mkazi wa mwini shopu ya matayala, anachita kuwapatsa dzina loti Mzee Nani, kutanthauza kuti Mkulu Ndani. Tsiku lina anakwera ndi mandazi n'kuwauza kuti mawa matatu, maminibasi a kumeneko, sayenda, madalaivala akunyanyala. Iwo anangoti, "Nani kasema?" Mayiyo anawayankha kuti mawa akakaima pa siteji mpaka miyendo kutupa, akadziwa okha kuti wanena ndani. M'mawa mwake mkuluyo anapitadi, anaimadi maola awiri, n'kubwerako kudzalengeza kuti Mama Wanjiru ndi mfundo yolimba, nkhani zake n'zolandirika. Mayiyo anapitiriza kuwanena kuti ndi mzee wovuta, koma mandazi anawonjezera. Mwambi umene Che Twaibu ankaukonda ndi uja wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Ankati Achewa anamaliza maphunziro onse a hadisi m'mawu anayi okha, n'kubwerera kumunda.

Ngakhale imfa yawo inandifika m'njira imene iwo akanaikana. Ndinali kumpoto, kufupi ndi malire a Sudan, pamene mnzanga wa ku ofesi anandiimbira kuti mlonda wanena kuti kunabwera mayi wina wa ku Pangani kudzanena kuti mzee wanu uja wamwalira. Mfundo zitatu, ndipo panalibe amene anatchula dzina. Ndinadzilimbitsa mtima kuti chingwe chotere n'chofooka. Pofika mu Nairobi patatha masiku anayi, ndinapeza anaikidwa kale, tsiku lomwelo la imfa monga mwa mwambo wawo. Anawanyamula Asomali ndi Aswahili a mumzikiti wapafupi, anthu amene ankangowapatsa moni wa pakamwa. Mmalawi panalibe. Ife amene tikafera kunja timakwezedwa ndege kuti akatilire kwathu, sitinaponyepo ndi dothi lomwe.

Koma ndathamanga. Ndibwerere ku zimene zinawakhazika ku Pangani.

Che Twaibu anali mwana wa Shehe Rajabu wa ku Ntaja, munthu amene akalankhula mumzikiti ngakhale wa chifuwa ankachigwira. Mwanayo analoweza Korani ali wamng'ono, ndipo bambo ake anamutumiza kugombe la Aswahili kukawonjezera maphunziro. Kumeneko Mzungu wina anadabwa ndi Chiarabu chake n'kumupezera malo pa yunivesite ina ku Mangalande. Ndiko anakakumana ndi mabuku a Azungu ofufuza za hadisi.

Azungu amenewa ankawagawa patatu: agogo, abambo ndi adzukulu. Agogo, ankatero, anaona kuti hadisi zambiri zikununkha mikangano ya anthu amene anakhala zaka zana kapena mazana awiri Mtumiki atamwalira, aliyense akumuika mawu m'kamwa kuti awine mlandu wake. Abambo anafika poti zingwe zimakula chobwerera m'mbuyo: mawu a woweruza wina wa mumzinda wakuti, mawa mumva kuti ndi a mnzake wa Mtumiki, mkuja mumva kuti ndi a Mtumiki mwini. Choncho chingwe chikasalala kwambiri, chikayikireni, n'chaposachedwa. Ndipo zingwe zonse za nkhani imodzi zikamadutsa mwa munthu mmodzi, wopeka nkhaniyo ndi yemweyo. Adzukulu ndi amene mapepala awo ankafika pa positi m'masiku anga, otumizidwa ndi mnzawo wina wakale wa kusukulu. Awa ankayala nkhani imodzi m'maonekedwe ake onse, mawu ndi zingwe pamodzi, n'kupeza kuti zina n'zakale kuposa mmene agogo awo ankaganizira, ndiponso kuti munthu amene zingwe zimakumanapo mwina si wopeka, mwina anangokhala mphunzitsi wa ophunzira ambiri. Mapepala amenewa akafika, Che Twaibu ankaiwala kudya.

Mabuku a Chiarabu ankakhala pa shelefu yapamwamba, ataphimbidwa ndi nsalu yobiriwira. A Azungu ankakhala pansi pa bedi, atakulungidwa m'manyuzipepala. Sankalola kuti akhudzane. Koma amene anatha kwambiri m'mphepete ndi zala anali a pansi pa bedi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti iwo ali mbali iti.

"Ndikamaswali ndimakhala kwa bambo anga," anatero. "Ndikakhala patebulo ndimakhala ndi mafunso."

"Koma Che Twaibu, mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndinavumbwa kale, a Kachingwe. Simukuiona jeketeyi?"

Anavumbwadi, ndipo ine ndinaona mvula yake mbali zonse ziwiri. Kunali ophunzira anayi Achisilamu ochokera kwathu, okhala ku Roysambu, amene ankabwera Lachisanu akatuluka mumzikiti kudzanola Chiarabu. Masiku amenewo chipinda chinkadzaza, ndipo mkuluyo ankagula shuga. Mmodzi wa iwo, Imrani, wa mtima wapachala, anagwetsa cholembera, ndipo powerama anaona za pansi pa bedi.

"Shehe, mabuku a makafiri awa akutani m'nyumba ya Msilamu?"

"Mwawawerenga?"

"Ine sindingawerenge poizoni."

"Ndiye wakuuzani ndani kuti ndi poizoni?"

Anyamatawo anatuluka osamaliza tiyi. Nkhani inafika kumzikiti iwo asanafike, ndipo kuyambira pamenepo, pamzere wa swala pamene anthu amayenera kugundana mapewa, mbali zonse za Che Twaibu pankatsala kampata. Kwa masabata angapo anapitiriza kutereka madzi a anthu asanu Lachisanu lililonse. Kenako anabwerera ku tiyi wopanda shuga.

Mbali inayo ndinaiyambitsa ndine. Kunabwera Mzungu wina wofufuza za Asilamu a kumeneko, ndipo ndinaganiza kuti ndawapezera mnzawo wocheza naye. Tinakumana pa lesitilanti ina m'tauni. Zinayamba bwino, mpaka Mzunguyo ananena moseka kuti osonkhanitsa hadisi akale aja anali anthu ongomeza chilichonse. Che Twaibu anamenya tebulo mpaka masupuni kudumpha. Anamuuza kuti anthu amenewo ankayenda miyezi wapansi kukamva chiganizo chimodzi, ndipo analemba mabuku athunthu onena za mfundo iliyonse: uyu ankaiwala atakalamba, uyu ankanama pa malonda, awa awiri sanakumanepo. Anati kukayika sikunayambe ndi Azungu, iwo anangofika mochedwa pamaliro n'kuyamba kuphunzitsa anamfedwa kulira. Mzunguyo anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti akumvetsa, munthu wokhulupirira zimamuvuta kuweruza nkhani zotere. Mkuluyo anakana kuti ndiwaperekeze pa galimoto. Ndinawaona akukwera matatu ali okha, atakumbatira chikwama cha mapepala amene anabweretsa kuti amuonetse mlendoyo, chosatsegula n'komwe.

Nkhani ya bambo awo anandiuza m'chaka chachitatu, Lamulungu lina masana m'mwezi wozizira wa Julaye. Ali ku Mangalande anawalembera Shehe Rajabu kalata yaitali ya Chiarabu, kuyala mafunso onse a Azungu aja. Sikunali kunyoza. Ankafuna kuti bambo awo, amene sanagonjepo pa mtsutso, awapatse mayankho. Koma maso a shehe anali atayamba kuchita khungu, ndipo kalatayo anawawerengera Che Yusufu, mwana wawo wa kwa mayi ena. Yankho silinabwere. Chaka chitatha kunabwera uthenga wa maliro, ndipo pambuyo pake kalata ya Che Yusufu yonena kuti shehe anasiya mawu awa: Twaibu wagulitsa Mtumiki kwa Azungu, asadzaponde pamanda panga.

Anasiya sukulu n'kuyamba ulendo wa kumudzi. Anafika pa Nairobi, miyendo inakana. Anati adikire sabata imodzi, mtima ukhale pansi, ndipo sabata imeneyo ndi imene ndinawapeza akadali nayo. Matipate atabwera, anthu amene anathawa boma lakale anabwerera kwawo ndi nyimbo. Ndinawakumbutsa kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Anandiyankha kuti iwo sanathamangitsidwe ndi boma.

Anatsitsa katoni imodzi yaing'ono n'kuyala makadi khumi ndi limodzi pabedi. Zaka zonsezo, aliyense wa ku Ntaja wodutsa mu Nairobi, kaya wa ulendo wa ku Maka, kaya wamalonda, kaya wophunzira, ankamufunsa ngati anamvapo mawu omaliza a Shehe Rajabu, ndipo anamva kwa ndani. Zingwe zonse khumi ndi chimodzi zinkadutsa mwa Che Yusufu. Mwa lamulo la Azungu, wopeka anali yemweyo, makamaka poti ndiye anatenga mzikiti wa bambo. Mwa lamulo la mashehe, Che Yusufu anali munthu woswali, wosagwidwapo bodza, ndiye mawu ake ndi olandirika.

"Azungu akunditsegulira chitseko, mashehe akunditsekera," anatero. "Ndipo ndikudziwa chifukwa chimene ndikufunira kukhulupirira Azungu. N'chifukwa chake sindingawakhulupirire."

"Bwanji osangopita, mukadzimvere nokha?"

"Ngati anaterodi, kupita n'kuwanyoza kachiwiri. Ngati sanatero, ndawolera kuno pachabe. Chimene ndikusowa ndi chingwe chimodzi chokha chosadutsa mwa Yusufu."

Anali ndi mlongo wawo wa bere limodzi, Abiti Rajabu, amene anadwazika shehe mpaka mapeto. Koma mayiyo sankatha kuwerenga, ndipo kalata iliyonse yopita kwa iye inkatsegulidwa kunyumba kwa Che Yusufu.

Tsopano ndifike pa tchimo langa. Zaka zingapo pambuyo pake ndinapita kwathu kutchuthi. Dalaivala wa ofesi yathu ya ku Lilongwe, amene anadzanditenga kubwalo la ndege, anali atakwatira ku Ntaja. Nditatchula dzina la Shehe Rajabu, anati mkazi wake anamva kwa mayi ake, amene amatunga madzi pamjigo umodzi ndi Abiti Rajabu, kuti shehe tsiku lomaliza anati: Twaibu akadzabwera mudzamupatse mkeka wanga woswalirapo, wopserera uja. Chingwe chosadutsa mwa Yusufu! Koma nditachiyang'anitsitsa ndinafooka. Dalaivala wonunkha mowa m'mawa, mkazi wake amene sindinamuone, apongozi ake, mjigo. Ndinkadziwa mmene Che Twaibu akachiseke. Kupita ku Ntaja ndikanatha, koma masiku anandithera ku Dedza ndi milandu ya kubanja. M'ndege pobwerera ndinachita masamu anga opusa: mawu ndi omwewo, ndingodula mfundo zitatu zonyansazo, mkulu uja apite kwawo.

Ndinakwera masitepe ndi thumba la chambiko ndi nkhope ya mngelo. Ndinawauza kuti ndinafika ku Ntaja, ndinakhala pakhonde ndi mlongo wawo, ndipo anandiuza yekha ndi pakamwa pake. Nditatchula mawuwo, anatula kapu yawo ya tiyi. Kenako anatenga kadi yatsopano ndi cholembera.

"Munamumva nokha?"

"Ndekha, ndi makutu angawa."

"Akuoneka bwanji?"

"Wakalamba, koma ngwamphamvu."

"Analankhula bwino? Munamva mawu onse?"

"Bwinobwino, Che Twaibu. Momveka, mosadodoma."

Anatseka cholembera pang'onopang'ono. Sanakweze mawu.

"A Kachingwe, mlongo wanga ndi wachibwibwi chibadwire. Dzina langa lokha limamutengera mpweya utatu. Palibe munthu anachezapo naye amene angaiwale kunena zimenezo."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinaulula zonse: dalaivala, mkazi, apongozi, mjigo. Anamvetsera, n'kulemba mfundo iliyonse pa kadi ija. Atamaliza anandiuza kuti akatswiri akale ankadziwa anthu a mtundu wanga, opeka chifukwa cha chifundo, ndipo ankawaopa kuposa opeka chifukwa cha dyera, popeza anthu amawakhulupirira. Anati lamulo n'limodzi: munthu akagwidwa bodza kamodzi, nkhani zake zonse zimatayidwa, ngakhale zoona zomwe. Anatinso apa pokha Azungu ndi mashehe agwirizana, chingwe changa chinasalala mopitirira.

"Mukanandibweretsera dalaivala wanu woledzerayo," anatero, "ndikanakhala ndi poyambira."

Sanandithamangitse. Ndinkapitabe Lamulungu, ankanditsanulirabe tiyi, tinkakambabe za mvula ndi za ndale za kwathu. Koma kuyambira tsiku limenelo sanandifunsenso kuti wandiuza ndani. Ndikanena nkhani ankangoti, "Eti," n'kugwedeza mutu mwaulemu. Mama Wanjiru ankafunsidwa, wogulitsa nyuzipepala ankafunsidwa, ine ayi. Sindinadziwe kuti funso lotopetsa lija unali ulemu mpaka pamene linandichokera. Ndinalumbira mumtima kuti tchuthi chotsatira ndidzafika ku Ntaja ndi tepi yojambulira mawu. Matenda a shuga, amene anali atawatupitsa kale miyendo, sanadikire tchuthi changa.

Mama Wanjiru anasunga makatoni aja, ndipo anandipatsa yaing'ono ija chifukwa ankadziwa kuti ndi ya nkhani za kwathu. Makadi anali khumi ndi awiri. Yomalizayo analemba m'Chichewa, ngati ankadziwa amene adzaiwerenge. Chingwe changa chabodza anachikhwatcha. Chenicheni chija anachilemba chonse, ndipo pambali pa dzina langa panali mawu akuti: mtima wabwino, salandiridwa. M'munsi mwake, ndi inki ina, analemba funso: nanga za kupserera anazidziwa bwanji? Mama Wanjiru anandiuzanso kuti miyezi yomaliza Mzee Nani anafunsa mwamuna wake kawiri konse za mabasi opita ku Mbeya, njira ya kwathu, koma tikiti sanagule.

Chaka chotsatira ndinafika ku Ntaja, mochedwa ngati mvula ya m'dzinja loipa. Che Yusufu anali atamwalira. Abiti Rajabu ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Nditanena kumene ndachokera, anatsegula pakamwa, milomo inanjenjemera, maso anatsinzina, ndipo ndinawerenga ndekha mpweya utatu uja.

"Twa... Twa... Twaibu?"

Ndinawauza kuti anatisiya. Analira mwakachetechete, akupitiriza kusenda. Kenako ndinafunsa za mawu a shehe, ndipo ndinadikira. Zinatenga masana onse, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, liwu lililonse lochita kukoka. Anati mawu a Che Yusufu sanali abodza. Shehe ananenadi, atakwiya, tsiku limene anawawerengera kalata, pamaso pa amuna onse. Koma anakhalanso ndi moyo miyezi yambiri, ndipo m'mawa wa tsiku lomaliza, ali awiri okha, anatchula za mkeka. Ngodya yake anaiwotcha Twaibu ndi koloboyi ali mwana, atagona pa buku, ndipo shehe sanamumenye, sanasinthenso mkekawo moyo wake wonse.

Ndinakumbukira zimene Che Twaibu anandiphunzitsa yekha, kuti mawu awiri a munthu mmodzi akatsutsana, omaliza amafafaniza oyamba. Ndinafunsa chifukwa chimene sanawauzire amuna aja pamaliro pomwepo.

"Ndi... ndi... ndinkawauza," anatero. "Ndikamamaliza, a... anali atanyamuka."

Analowa m'nyumba n'kutsitsa kudenga thumba lakuda ndi mwaye. Anati popeza mwini wake sabweranso, ndimupititsire ine.

Nditabwerera ku Nairobi ndinapita ku Pangani Lamulungu masana, nthawi yathu ija. Shopu inali yotseka, koma Mama Wanjiru anandipatsa kiyi. Anati amene analowamo pambuyo pa mzee anasamuka, ndipo wina sanapezeke. Masitepe ankanunkhabe labala. Ndinapezeka ndanena "Odi" pa chitseko chimene kiyi wake anali m'dzanja langa.

Munalibe bedi, munalibe tebulo. Pakhoma panatsala mabowo anayi a shelefu ya mabuku a Chiarabu, ndi mwaye wa sitovu pakona. Pamene pankakhala makatoni, penti inali yowala kuposa kwina, mpaka pawindo. Pansi pa windolo, kamuvi ka pensulo kamene anajambula kolozera ku Maka kanali kakadalipo, palibe anakafufuta. Ndinamasula thumba n'kuyala mkekawo molunjika kamuviko. Unali wouma, wothothoka m'mphepete, ngodya imodzi yakuda, ndipo pakati pake panali malo awiri osalala pamene mawondo a shehe ankagwada. Ine sindidziwa kuswali. Ndinangoima pambali, nsapato m'manja, n'kunena mokweza mmene iwo ankanenera: ine Kachingwe ndinamva kwa Abiti Rajabu, ndi makutu anga, mwachibwibwi, amene anamva kwa bambo ake Shehe Rajabu m'mawa wa tsiku lomaliza, kuti Twaibu akadzabwera mudzamupatse mkeka wanga.

Kunja matatu ankaimba mahutala, kondakitala akuitanira anthu a ku tauni. Ndinadikira kanthawi, monga ndinadikirira tsiku loyamba lija pakhomo. Tsopano Abiti Rajabu apita, ndipo pa chingwe chonsecho mfundo yatsala ndi ine ndekha, yosalandiridwa ija. M'chipindamo munalibe wondifunsa kuti wandiuza ndani.